Adada Akuti Madzi ndi Tiyi

Chitipa Boma,
9 Seputembala 2024

Okondedwa achimwene a Frackson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dar es Salaam kuko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti ine msana wandikana. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale. Pafoni sindimasuka, chifukwa mukangoimba adada amakokera mpando pafupi, ndipo makutu awo mukuwadziwa, amamva ngakhale mphaka akuyenda pa simenti. Kalatayi ndapatsira a Yohane, amuna a Gloria woyandikana nafe uja, amene amayendetsa lole yobwera kumeneko.

Nkhani ndi ya galasi lanu la nsomba lija. Munalibweretsa titaika maliro a amama, munati adada azikhala ndi choyang'ana. Munadzalamo zomera, munaika nyale pamwamba, munajambula zithunzi, n'kukwera basi. Zidebe munasiyira ine.

Poyamba madzi anabiriwira. Munati ndi ndere, dzuwa la pawindo lachuluka, ndiye ine ndi Gloria tinalisuntha galasilo, ndipo msana wangawu unayambira pomwepo. Madzi atangoyera, adada anatuma munthu ku Misuku kuti akawazulire chitsa cha khofi m'munda umene ankalima ndi amama. Anachitsuka okha n'kuchiika pakati pa zomerazo. Kunena zoona chinakongola, nsomba zinkabisala m'mizu yake. Koma sabata isanathe madzi anasanduka tiyi wopanda mkaka.

Munati ndi utoto wa mtengo chabe, ndichiwiritse chitsacho ndi kuika makala mu sokosi pafupi ndi kampope kozunguza madzi m'galasimo. Ndinachiwiritsa mu mphika wa thobwa, Gloria n'kumaseka kuti kwathu njala yafika podya zitsa. Madzi anayera mbee. Ndinawaitana adada monyadira.

Anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Mwana wane, maji agha ni tiyi. Wachita ulesi."

Ulesi, achimwene! Ine amene mpopi ukauma ndimakatunga kumjigo, kenako n'kukakhala pa mashini osokera mpaka dzuwa kulowa. Nditakudandaulirani munati vuto ndi nyale, ija yachikasu imadetsa maonekedwe a madzi, ndigule yoyera. Pa boma pano sinapezeke, ndiye ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Isongole, tsidya la Tanzania. Wamalonda anandilandira ndi "karibu dada" wake, n'kundigulitsa ziwiri, yoyera ndi yabuluu. Nditayatsa yoyera adada anati tiyi. Nditayatsa yabuluu anati tiyi wozizira.

Ndinasiya yabuluuyo iziyaka tsiku lonse, poganiza kuti mwina azolowera. Zomera zinayamba kufota, masamba n'kumera ndere zakuda ngati ndevu. Madzi ndinkawasintha pafupipafupi mpaka nsomba ija ya mchira wofiira inafa, imene adada ankaitcha Safeli, dzina la mnzawo wa ku Misuku. Tsiku limenelo mtima unandipsa. Ndinazula chitsa chija n'kukachitaya kuseri kwa khitchini, ndipo ndinawauza kuti ngati madzi anga sakuwasangalatsa aitane mwana wawo wa ku Dar. Chakudya sanachikhudze.

Sabata yathayi ndimapita ku Umanyano, msonkhano wathu wa amayi kutchalitchi. Ndinavala bulauzi yanga yoyera, yochapa bwino ndi kusita, n'kukawatsanzika pampando wawo pafupi ndi galasilo.

"Eluby," anatero, "upita kutchalitchi ndi bulauzi yachikasu? Wayichapa m'maji gha somba?"

Ndinaima chilili. Kenako ndinakatunga madzi a pampopi mu tambula n'kuwaonetsa.

"Adada, nanga awa?"

"Tiyi," anayankha, modabwa kuti ndikufunsiranji.

Ndinawagwira dzanja, n'kuwatulutsa panja padzuwa, n'kuyang'ana m'maso mwawo. Pakati pa diso lililonse pali kamtambo kotuwa. Miyezi yonseyi ndakhala ndikusuzumira m'galasi, osayang'ana kumaso kwa munthu amene ndimamupatsa chakudya tsiku ndi tsiku. Ku Umanyano sindinapite. Ndinakhala pakhonde n'kulira, ndipo chimandiwawabe mpaka lero ndi mawu aja ndinawayankhula Safeli atafa.

Kuchipatala ndinapita nawo monyengerera, ndinati tikayezetse kuthamanga kwa magazi. Adokotala anati ndi ng'ala, maso onse awiri. Akuti kwa ena imayamba chomwecho, zinthu zimaoneka zachikasu, kenako kumabwera chifunga, kenako munthu saonanso. Anati ku Mzuzu amaichotsa ndipo ambiri amabwerako akuona, koma tisachedwe.

Adada akana. Ndayankhula nawo ine, abwera abusa, abweranso a Yohane, yankho lake ndi limodzi.

"Maso ghane ghali makora. Maji ndiwo aonongeka. Frackson ndiye anaika, akabwera adzakonza."

Chimene sakunena ndikuchidziwa, nanunso mukuchidziwa. Amama anapita ku Mzuzu atakhala pampando wa basi, anabwerako ali m'bokosi. Adada akuopa, ndipo ine sangandiuze zimenezo, chifukwa kwa iwo ndidakali kamtsikana kamene kamachita ulesi. Inu mawu anu amawamva. Munatenga malo amenewo osasenza chidebe ngakhale chimodzi, koma lero sindikuwerengera zimenezo, ndatopa.

Chitsa chija ndinakachitola n'kuchibwezeramo. Makala ndachotsa, nyale yanu yachikasu ndaibwezera pamalo pake. Madzi tsopano ndi tiyi weniweni, zomera zayamba kuphukira, ndipo nsomba zotsalazo zikuoneka kuti zilibe nawo mlandu. M'nyumba muno mkangano watha. Adada akati tiyi, ine ndimati inde adada, ndi tiyi. Kungoti masiku ano amakhala nkhope ili pafupi kwambiri ndi galasi, mpaka mpweya wawo umachita nthunzi pamenepo.

Pempho langa ndi limodzi. Musatumize nyale ina, musatumizenso malangizo. Bwerani inuyo. A Yohane akuti pobwerera malo alipo kutsogolo kwa lole. Mudzapinde malaya, mudzaviike dzanja m'madzimo monga akuyembekezera, kenako mudzakhale nawo pansi muwauze zoona. Mudzakwere nawo basi ya ku Mzuzu, mudzabwerenso nawo. Nsomba ndi zidebe ndidzatsala nazo ine, ndazolowera.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Gloria akupereka moni, akuti mudzamulipire msana wake. Adada ndawauza kuti ndikukulemberani za madzi, ndipo asangalala kwambiri. Akuti yewo chomene chifukwa cha nsomba, zimawachotsa kusungulumwa. Akutinso pobwera mutenge chithunzi chanu china, chifukwa chija cha pakhoma ndinachichotsa ine.

Achimwene, sindinachichotse. Chili pomwe munachikhoma, pamwamba pa galasilo.

Ine mlongo wanu,
Eluby