Mphika wa Anapansi

Lolemba, 3 Febuluwale

Kutentha ngati m'ng'anjo. Fani ikungozunguza mpweya womwewo. Kusamba, kutuluka m'bafa, thukuta lili kale pamsana.

Ndaphika mpunga ndi nyemba monga ndinkaphikira kwathu. Kachiwala wangolawa, n'kukankha mbale. Akuti wadya kale pansi. Mwana wanga ndekha, wa zaka zisanu ndi ziwiri, kumakhuta kwa eni.

Mayi wokhala m'nyumba ya pansi pathuyu ndinam'tcha Anapansi. Dzina lake lenileni lilime langa limakana. Wamasiye, wojintcha, woseka ndi aliyense. Akayamba kukazinga, fungo limakwera masitepe, kulowa pawindo, mpaka m'zovala za m'sutikesi. Adyo, tsabola, kokonati, ndi tina tosadziwika. Bambo a Kachiwala anabwera m'dziko muno kudzagwira ntchito kudoko. Ine kaya ndinabwera kudzanunkhiza mphika wa mnzanga.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Kumsika ndi Kachiwala. Zipatso zaminga, zipatso zaubweya, nsomba zoti mpaka pano sindidziwa kuti mutu uli kuti. Ine kuloza ndi chala ngati khanda, iye kulakatula chilankhulo chawo ngati anabadwira pomwepo. Mitengo amandikwezera, ndikudziwa. Mwanayo akatsegula pakamwa, imatsika.

Mayi wogulitsa masamba anayang'ana m'dengu mwanga n'kunena kanthu, anzake onse n'kuseka. Ndafunsa Kachiwala, wakana kumasulira. Wangoti, "Palibe, amayi." Panjira ndam'kakamiza. Akuti amafunsa ngati kwathu kuli wodwala, poti sindigula tsabola.

Mawu onsewa waphunzira kwa Anapansi. Ine miyezi yonseyi, moni ndi zikomo basi.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Bambo ake nawonso. Alowa ndi kontena ya msuzi wofiira, wa nkhanu, akuti Anapansi anawaimitsa pamasitepe, akanakana bwanji. Adya mpaka thukuta kamukamu, mphuno chuu, kunyambita zala. Nkhuku yanga yazizira pambali.

Kenako akuti, "Amake mwana, mutatsikako tsiku lina akakuonetseni, si bwino?"

Zaka khumi ndikuwaphikira, sanadandaulepo. Mapoto ndi amene alankhula m'sinki.

Ndaimbira achemwali anga kumudzi. Angoseka, akuti ndili kunja ndikudya bwino, ndikulira chiyani. Ati nditumize zithunzi. Ndatumiza cha mtengo wa kanjedza.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Lero zandipyoza.

Tsitsi la Kachiwala ndinaluka Loweruka, msana kuwawa, masana onse. Wabwera Anapansi atam'masula. Am'dzoza mafuta onunkhira, am'manga timaliboni, kaduwa koyera kukhutu. Kukongola, ndisaname. N'chifukwa chake zawawa.

Ndiye ndinamumva pakhonde akuitana mayiyo ndi mawu ena ake, mokoka, monga amandiitanira ine akafuna kunyamulidwa. Ndafunsa bambo ake tanthauzo. Azengereza, kenako akuti ndi "amayi", koma kuno ana amatero kwa mzimayi aliyense wamkulu. Aliyense? Wa masamba uja samuitana choncho.

Ndalamula. Pochokera kusukulu, molunjika kuno. Pansi ayi. Sanalire. Wangondiyang'ana, n'kuchotsa kaduwako yekha.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Mvula tsiku lililonse masana, ikatha nthunzi kukwera mumsewu. Zochapa sizikuuma. Nkhungu kukhoma, nkhungu m'nsapato.

Kachiwala akudya ngati mbalame. Sayankhula zambiri. Amakhala pawindo, chibwano pamikono.

Dzulo ndinapeza kamphika pakhomo, kokutidwa ndi nsalu, kakadali kotentha. Nsomba mumsuzi wachikasu. Ndinati ndikatayire m'bini mwana asanaweruke. Ndinangoti ndilaweko kaye, ndidziwe mdani wanga.

Ndinadya zonse. Chiimirire, m'khitchini, ndi supuni yophikira. Misozi ya tsabola, ndi ina. Mayiyu amaphika, abale.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Ndayesa ndekha. Kokonati ndapala mpaka chala kutuluka magazi, zokometsera ndagula mongolota, ndalama ya sabata yathera pomwepo. Msuzi wake watuluka ngati madzi otsukira mbale. Bambo ake ati "mwayesetsa". Bola akanangonditukwana.

Kamphika kaja kali pamwamba pa firiji. Kubweza kopanda kanthu, manyazi. Kuikamo nyemba zanga, manyazi oposa.

Loweruka, 1 Malichi

Pansi pali phokoso chiyambire dzana. Masutikesi, alendo, kuseka. Mlonda wapageti wauza bambo ake kuti wabwera mwana wamkazi wa Anapansi, amene amakhala kudziko lozizira, ndi kamdzukulu kakakazi. Agogo ake anali asanakagwirepo m'manja.

Mtima wanga unati phee. Ndinauza Kachiwala kuti akhoza kutsika akapereke moni, ndipo abweze kamphikako. Ndinaikamo mango. Anathamanga osavala n'nsapato zomwe.

Sanachedwe. Wabwera mwakachetechete, n'kukalowa kuchipinda. Akuti anam'patsa bisiketi pakhomo n'kumuuza kuti abwere tsiku lina. Kampando kake ka kumeneko akukhalira wina. Timaliboni tili m'mutu mwa wina.

Ndi zimene ndinkafuna. Ndadziuza kangapo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kachiwala sakuchoka pambali panga. Kumsika wandigwira dzanja njira yonse. Wandipempha kuti ndimuluke. Ndikuluka, iye ali pakati pa miyendo yanga, anafunsa osatembenuka: "Amayi, uja wabwerayu adzapita liti kwawo?"

Mawu ake, ndinawadziwa. Kauwisi ka nsanje komweko kamene kakhala pakhosi panga mwezi wonse. Nkhope sindinaione, koma khosi linali gwa. Ndam'patsira ine kodi, kapena zimangobadwa nafe?

Ndinati sindikudziwa. Anati kamwanako sikadziwa n'komwe kudya tsabola, kamalavula, koma Anapansi amangokasekerera.

Madzulo fungo linakweranso. Adyo, kokonati. Ife awiri patebulo, mpunga ndi nyemba, aliyense akutafuna pang'onopang'ono, mphuno zili pansi. Wamaliza mbale yonse, koyamba chibwerereni. Wati zikomo amayi. Sizinandikomere.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndakwiya ndi mayi uja kuposa kale. Unam'zoloweza mwana wanga, lero um'patse bisiketi pakhomo ngati wopempha?

Ndauza Kachiwala andiphunzitse mawu. Osati a mkwiyo, sangandiuze. Akuti ndinene kuti: tabwera, tiphunzitseni kuphika, ana azisewera. Ndabwereza m'bafa, ndabwereza posita. Akuseka kuti ndikunena ngati ndili ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kuseka kwake ndinakusowa.

Nyemba zapsa. Ndathira m'mbale yanga yabwino, kaya akaseka akaseke. Kachiwala wavala kale nsapato, ali pachitseko, akuti amayi fulumirani asanayambe kukazinga, chifukwa akayamba samva kugogoda.