Kabakha ka pa tsamba 33

Lolemba, 16 Okutobala

Chifunga mpaka cha m'ma 10 koloko. Doko silimaoneka, ndimangomva mabelu a mabwato. Ndinakhala pawindo mpaka khofi kuzizira, kulota ndili maso monga mwa masiku onse.

Colette waimbanso kuchokera ku Tucson, mzinda wotentha komwe amakhala. Mwana wanga ndi mmodzi yekhayo, koma akagwira nkhani amakakamira ngati nkhupakupa. "Amayi, chipinda chanu tapenta kale. Simukhalanso nokha m'nyumba imeneyo nyengo yozizira ino, ayi. Loweruka 2 koloko abwera ogulitsa nyumba kudzazika chikwangwani, inu mungosayina basi." Ndati chabwino. Chimwalirireni mwamuna wanga Normand, chilichonse ndimangoti chabwino.

Masana kulaibulale, tsiku langa lothandiza kubwezera mabuku m'mashelefu. Buku la 12 la Thirza, lomaliza, kulibebe. Miyezi isanu ndi itatu tsopano lili kwa munthu. Ndichoke bwanji m'tauni muno ndisanadziwe mathero? Thirza, telala wa mu 1884 wogwira anthu akupha pongoyang'ana misoko ya zovala za malemu, kodi akwatiwa ndi Dokotala Pike kapena ayi? Mabuku 11, mitembo 19, koma chachikulu chomwe bamboyo wachita ndi kumugwirira ambulera. Amuna ena abale!

Lachiwiri, 17 Okutobala

Mabuku a zakuphawa amafanana zikuto, onse mayi wa diresi lalitali atafulatira mumsewu wa nyali. N'chifukwa chake okalamba tonse tili ndi kachizindikiro ka pensulo, kuopa kubwereka lomwe unawerenga kale. Doreen, woyang'anira laibulale, amanamizira kusaona. Kanga ndi kadontho pansi pa nambala ya tsamba 33. Ndikafika pamenepo ndimadonthezapo, n'kupitiriza.

Ndiyeno pali kabakha. Kakang'ono ngati njere ya mpunga, pambali penipeni pa kadontho kanga. Ndinakaona koyamba zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Sikanditsogolera konse, kamabwera ine nditabweza buku. Zosalemba ngakhale muno: nthawi zina ndimabwerekanso buku pofuna kungoona ngati katera.

Lero ndayala a Thirza onse 11 patebulo. Monse kalimo. Koma ka mu la 11 n'kokhota, mlomo pena thupi pena, ngati kojambulidwa m'galimoto yoyenda. Ndipo kuyambira Febuluwale, buku lililonse lomwe ndawerenga, kadontho kanga kali kokha.

Ndamufunsa Doreen kuti la 12 lili kwa ndani.

"Iwe Yvette, ukufuna andichotse ntchito? Za obwereka sitiulula."

"Tangotsokomola ndikatchula dzina."

"Choka apa, Thirza wa nyamakazi iwe. Kabwezere mabuku a zophika uko."

Koma anamwetulira, ndinamuona.

Lachitatu, 18 Okutobala

Thirza akanatani? Akananunkhiza. Nanenso ndanunkhiza mabuku ngati galu wa apolisi, mpaka mayi wina kusamuka patebulo. Mu la 7 ndapeza kachidutswa kopiringizika ka mkungudza, koikira pomwe munthu walekezera. Mzere wa pensulo ndi wonenepa, ya akalipentala yophwatalala ija.

Ndikudzinamiziranji m'buku langa lomwe? Tauni yonse ikudziwa amene amasema abakha a mtengo, aja alenje amayandamitsa pamadzi. A.S. Bambo Alden Sprague, a kumsewu wa kumanda. Aatali, osalankhula, akazi awo anamwalira kalekale. Chaka chilichonse amandichotsera chipale chofewa pakhomo ndi kagalimoto kawo. Ndikawapatsa payi, chitumbuwa changa cha mabulosi, amati "Zikomo, Mayi Pelletier," maso ali pa nsapato zawo. Ndakhala ndikudziwa, kungoti ndinkaopa kuti ndikanena chitha.

Madzulo ndinasinza pampando. Ndinali mumsewu wa miyala, diresi likukwekweza matope, mvula ikuwaza, wina akundigwirira ambulera kumbuyo. Sindinacheuke. Pamamveka fungo la mkungudza. Zaka 67, Yvette, ulibe manyazi?

Lachinayi, 19 Okutobala

Makatoni anayi a ziwiya, alongedzedwa. Ndadutsa kwa A.S. kawiri, osaima. Thirza akanandiseka.

Lachisanu, 20 Okutobala

Ndinadzuka ndi mkwiyo. Ngati anatopa nane, bwanji osangobweza buku la anthu? Mu Meyi ndinakumana nawo kupositi, ndinawakupizira dzanja, iwo n'kungodutsa ngati ndine mtengo wa magetsi. Kuyambira pamenepo moni wanga unauma. Payi ya chaka chino ndinapatsa abusa.

Masana ndinalowa m'lesitilanti ya padoko kukamwa supu ya nsomba. Kumbuyo kwanga asodzi awiri a nkhanu. Wina akuti Sprague wagulitsa kagalimoto kake, chaka chino chipale tizifoshola tokha. Mnzake akuti nanga atani, maso atha, pakati amangoona chimtambo, m'mbali mokha ndi momwe mwatsala. Kusema akusemabe, zala zimadziwa njira.

Supu ndinaisiya. Kabakha kokhota kaja! Kupositi kuja! Umboni wonse unali m'manja mwanga, ine wowerenga mabuku mazana a zofufuza, koma ndinasankha kunyanyala. Ndachita manyazi mpaka m'mafupa, ndipo ndalira m'galimoto, chiwongolero ndili chigwirire.

Colette watumiza chithunzi cha chipinda. Chachikasu, chokongola ndithu, pawindo pali mtengo wa mandimu. Mwanayu amandikonda. Mawa 2 koloko.

Loweruka, 21 Okutobala

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinavala juzi yobiriwira, n'kuivula, n'kuivalanso. Cha m'ma 12 koloko ndinagogoda pa shedi ya Bambo Sprague. Mkati abakha mbwee m'mashelefu, ena opanda mitu, ena opanda maso, fumbi la mkungudza likuyandama m'dzuwa la pawindo. Anatembenuzira mutu cham'mbali kuti andione ndi ngodya ya diso.

"Mayi Pelletier. Ndazindikira mayendedwe."

"Bambo Sprague, ndabwera kudzagwira wakuba."

"Mwachedwa. Thirza zikanamutengera tsiku limodzi."

Zaka zonsezi sindinawamvepo akuseleula. Ndinakhala pa chitsa.

Anatsegula kabati pansi pa benchi. Bukulo linali lokulungidwa m'kansalu kuopa fumbi. Ndinapita molunjika pa 33. Poyera, popanda kanthu.

"Ndinadumpha mzere," anatero. "Masiku onse ndimadikira inu mubweze. Koma dokotala atandiuza za masowa, ndinati ndilitenge msanga ndisanachite khungu. Kutsegula pa 33, kadontho kulibe. Linandikanika, mayi. Ndinali ngati ndalowa m'nyumba eni ake kulibe. Pomwe ndimati ndilimbe mtima, zilembo zinali zitathawa."

"Nanga osabweza bwanji?"

"Doreen amangondiwonjezera masiku." Anapukuta manja m'thalauza, manja oyera kale. "Komanso ndimati mwina mwini kadontho adzabwera kudzalifuna."

"Miyezi isanu ndi itatu, Alden! Ndinu Dokotala Pike weniweni inu. Pakamwa mulibe?"

"Ndamva mukupita kotentha," anatero, maso pa nsapato. "Litengeni. Mukatha mudzangondiuza pafoni ngati anamufunsira."

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. 12:40. Ndinawauza kuti za pafoni ine ayi, asunthe abakha pampando winawo. Ndinavala magalasi n'kuyamba mutu woyamba mokweza. Iwo anatenga mutu wa bakha ndi kampeni, akumvera akusema. Mtembo utapezeka m'chipinda choyesera madiresi anati, "Ndi mlamu wakeyo." Ine ndinati ndi wantchito wa kubanki. Tinakangana mokoma.

Titafika pa 33 ndinaima. Iwo anadziwa, anachotsa pensulo yophwatalala kukhutu n'kundipatsa. Ndinadontheza. Kenako ndinawabwezera, ndinagwira dzanja lawo ndi kuliika pamalo pake. Dzanja lofunda, lokhakhala. Kabakha katuluka kokhotabe, mchira wakhudza kadontho.

2 koloko inadutsa ndili pomwepo. Foni inalira kasanu m'thumba la jekete, pa msomali kuseri kwa chitseko. Colette ndimuimbira mawa tikachoka kutchalitchi. Makapu ndatulutsamo awiri m'katoni.

Kwatsala masamba 281, ndipo ine ndimawerenga pang'onopang'ono.