Tsiku Limene Sindinatseke Pakamwa

Lachinayi, pa 21 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu, ana ndi amayi. Kuno tilipo, tikupuma. Ndaona kuti mwakhala mukundiimbira kuyambira Lolemba, ndipo ndikudziwa kuti zakunyansani kuti ndimangoti "tili bwino" n'kudula. Si mwano ayi. Masiku ano foni yanga ili ndi makutu ambiri, n'chifukwa chake ndatola cholembera ngati kale. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole uja amakubweretserani katundu, poti iye satsegula za eni.

Nkhani yaikulu mwaimva kale, kuti anthu akana. Apulezidenti amafuna kuti malamulo a dziko asinthidwe kuti azitha kuthetsa nyumba ya malamulo akadzuka ndi mutu, azilemba ndi kuchotsa oweruza milandu okha, komanso kuti nthawi yawo pampando italikitsidwe. Anatifunsa pa riferendamu kuti inde kapena ayi, ndipo anthu ayankha kuti ayi. Zimene manyuzipepala anu sanalembe ndi zimene zinachitika m'situdiyo mwathu ku wailesi ya boma Lolembalo. Ndikufuna muzimve kwa ine, ena asanakuuzeni mokhotetsa.

Ndiyambe ndi Mlonda. Si munthu, ndi makina amene ali pansi pa tebulo la amisiri. Pa wailesi tchimo lalikulu ndi kukhala chete. Ndiye pakangoti zii kwa masekondi owerengeka, Mlondayo amadzuka yekha n'kuyamba kuulutsa chilichonse chimene chasungidwa m'mimba mwake. Masiku onse mumakhala nyimbo za malipenga zija zimene mumati zimakukumbutsani perete wa kusukulu. Palibe amadina batani, amangoyamba yekha.

Lachitatu la sabata yatha, voti isanachitike n'komwe, a Bwana Mkulu anandiitana kuti ndijambule chilengezo choti a Inde apambana ndi mavoti ankhaninkhani. Anati n'kukonzekera chabe, kuti tsikulo tisadzagwe m'chipwirikiti. Nditafunsa ngati tijambulenso cha Ayi, anaseka.

"Tepi ndi yodula, mayi," anatero.

Tepi tinasiya kugwiritsa ntchito inu musanachoke kuno. Koma ndinajambula, ndi mawu anga aja a nkhani za madzulo, amene ngakhale agogo osaona amawazindikira. Ndinkati ndi zotaya nthawi basi, zidzafufutidwa.

Tinavota Lachisanu. Pofika Lolemba m'mawa, aliyense m'chipinda cha atolankhani ankadziwa, chifukwa anzathu a m'maboma ankaimba mmodzimmodzi kunena zimene zamatidwa pazitseko za malo ovotera, ndipo konse nyimbo inali imodzi: ayi, ayi, ayi. Koma palibe ankanena mokweza. Anthu ankangoyang'ana makompyuta awo ngati muli maliro. Bungwe la zisankho linati lilengeza masana, kenako linangoti phee. Panja pa geti pathu anthu anali atadzaza msewu wonse mpaka ku malo omwetsera mafuta, mawailesi ali m'manja, ena pamapewa. Pakati pa iwo ndi ife panali asilikali, anyamata ang'onoang'ono, zala zili pa mfuti. Podutsa pa windo la m'khonde ndinaona wina milomo yake ikunjenjemera.

Nditangokhala pampando m'situdiyo, analowa a Bwana Mkulu ndi bambo wina wa suti yotuwa amene palibe anatiuza dzina lake kapena ntchito yake. Anandiikira pepala patsogolo. Anali mawu omwe aja ndinajambula Lachitatu.

"Nyali yofiira ikayaka, muwerenge ichi," anatero a Bwana Mkulu.

"Bwana, bungwe silinalengeze. Lamulo lathu lomwe mukulidziwa, sitiwerenga zotsatira wapampando asanalankhule."

"Sitikukukakamizani, mayi. Ngati simukufuna kuwerenga, mungokhala chete."

Anamwetulira, n'kutuluka kupita kuchipinda cha amisiri, kuseri kwa galasi. Ine mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinati kukhala chete ndiye ndingathe, ngakhale inu simungakhulupirire. Apa m'pamene ndinamva mawu m'mahedifoni. Anali a Mawaya, mmisiri wathu wa zokwezera mawu, uja wamtali amene anatithandiza kunyamula bokosi la maliro a mlamu wanu, bambo a ana angawa. Ankalankhula motsitsa, akunamizira kutola cholembera pansi pa tebulo.

"Achemwali, musayerekeze kukhala chete. Malipenga awachotsa mwa Mlonda m'mawa uno. Muli mawu anu a Lachitatu."

Achimwene, ndinamvetsa zonse nthawi imodzi. Ndikawerenga, wanama ndi ine. Ndikakhala chete, Mlonda adzuka, ndipo wanama ndi ine ndemwe. Zikayenda, a Bwana Mkulu ndi ngwazi, ndipo zikavuta adzati makina analakwitsa okha, palibe dzanja la munthu. Nyimbo nazo sizikanandipulumutsa, chifukwa zonse anazitsekera mu kompyuta kuyambira pamene mnyamata wa pulogalamu ya m'mawa anachotsedwa ntchito kaamba koika nyimbo ya munthu wokana kuchoka pamowa, ati inkanena Apulezidenti. Ndipo ndinkadziwa chimene chichitike mawu anga akangomveka panja paja kuti Inde wapambana. Anthu aja akanathyola geti, ndipo anyamata onjenjemera aja akanaomba.

Nyali yofiira inayaka.

Ndinapereka moni kwa omvera. Ndinati tikudikira bungwe la zisankho, ndipo podikirapo nayi nyengo. Ndinawerenga nyengo ya chigawo chilichonse pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa ana a sitandade wani. Itatha, ndinawerenga zidziwitso za madera amene madzi adulidwe. Kenako zotsatira za mpira za masabata apitawo, ndi mayina a ogoletsa omwe. Patebulo panali mapepala amene a pulogalamu ya ulimi anaiwala, ndiye dziko lonse, likudikira kumva tsogolo lake, linaphunzira kwa ine kadonthezedwe ka katemera wa chitopa m'diso la nkhuku. Ndinabwereza kawiri, ndikuti mwina ena sanamve bwino.

Kuseri kwa galasi a Bwana Mkulu anali atanyamula pepala lija m'mwamba, akuligwedeza. Wa suti yotuwa anali pa foni, kuimba, kudula, kuimbanso, ndipo zinkaoneka kuti amene ankawafunawo sankayankha. Mawaya anasiya dala njira ya mahedifoni yotsegula, choncho zonse za m'chipindamo ndinkazimva khutu limodzi, pakamwa pakupitiriza za nkhuku.

"Iwe, tsitsa maikolofoni yakeyo," anatero a Bwana Mkulu.

"Dzanja lachita dzanzi, bwana. Batani lake ndi ili, tsitsani."

"Ukudziwa ukulankhula ndi ndani?"

"Eya bwana, n'chifukwa chake ndakusiyirani."

Ndinaona dzanja lawo likupita pa batanilo. Linaima m'malere. Anayang'ana kamera imene ili pakona ya denga, imene anaiikitsa okha chaka chatha kuti azigwira amisiri ogona pantchito, ndipo dzanjalo linabwerera m'thumba. Anauza wa suti kuti atsitse iyeyo. Wa suti anati iye sali pano, ndipo sanabwereko.

Mapepala anandithera. Madzi a m'botolo anatha, ndipo kumwa kwake kunali kobera, kamkamwa kamodzi pakati pa mawu. Kukhosi kunauma gwa. Ndinayamba kupereka moni kwa aliyense amene ndinamukumbukira: anamwino a chipatala chachikulu, oyendetsa minibasi, amayi osesa mumsika, aphunzitsi anga a sitandade sikisi amene sindikudziwa ngati ali moyo. Ndinawerenga malangizo olembedwa pa chozimitsira moto cha pakhoma. Ndinafotokoza njira ya amayi yochotsera inki pa malaya oyera. Munkanditcha Nalongolola tili ana, n'kumandilonjeza siwiti ndikakhala chete mpaka kumpanda wa sukulu, ndipo sindinaidyepo siwitiyo. Lolemba ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chilema chimenechi.

Koma ndisakunamizeni kuti ndinali wolimba mtima. Ndinkachita mantha oti bulauzi inamatirira kumsana. Panafika nthawi ina pamene mutu unaima. Ndinatsegula pakamwa koma simunatuluke kanthu. Ndinaona kanyali ka Mlonda kakuyamba kuphethira, ndi Mawaya ataimirira, maso ali tong'o. Chimene chinabwera ndi pemphero lija amayi ankatipempheretsa tisanagone, ndipo ndinalinena lonse pa wailesi ya boma, dzuwa likuswa mtengo. Kanyali kaja kanazima.

Sindikudziwa kuti ndinalankhula nthawi yaitali bwanji. Ena akuti inapitirira ola. Kenako m'mahedifoni ndinamva chifuwa cha munthu wachikulire ndi kukhuluza kwa mipando. Inali njira yochokera ku holo ya bungwe la zisankho, imene inali yakufa tsiku lonse. Wapampando, mayi uja anali woweruza milandu kale, anali atakhala pansi.

"Usakweze imeneyo mpaka andiimbire," anatero wa suti.

Mawaya anandiyang'ana kudzera pagalasi, n'kukweza. Wa suti anamugwira kolala n'kumukokera kumbuyo ndi mpando womwe, koma mayi aja anali atayamba kale, ndipo aliyense amene akanatsitsa batanilo akanadula wapampando dziko lonse likumva. Mawu awo ankanjenjemera kuposa anga. Anati ovota ambiri akana kusintha malamulo a dziko. Atamaliza, ine ndinangoti, "Omvera athu, mwamva nokha. Anthu akana." Panja panamveka chiphokoso ngati mvula yamatalala pa malata, ndipo ndinadikira kumva mfuti. Sinalire ngakhale imodzi.

Madzulo ake Apulezidenti analankhula akumwetulira, kuti alemekeza mawu a anthu. M'misewu anthu anavina mpaka nsapato kuduka. Amayi a pamsika anandikaniza kulipira tomato, ndipo wina anandifunsa ngati katemera uja amagwiranso ntchito kwa abakha. A Bwana Mkulu anandigwira chanza pakhonde anthu akuona, n'kunena kuti ndaonetsa ukadaulo.

Lachiwiri khadi langa linakana kutsegula geti. Mlonda weniweni, wa yunifolomu, sanathe kundiyang'ana kumaso. Tsiku lomwelo Mawaya anatengedwa pa siteji ya basi ndi anthu a galimoto yopanda nambala. Mkazi wake wazungulira mapolisi onse a mumzinda muno, mwana ali kumbuyo, ndipo kulikonse akumuuza kuti dzina limenelo mulibe m'buku. Ovina aja sakudziwa zimenezi, ndipo sindikuwada. Iwo anachita mbali yawo pa Lachisanu, ndipo anaichita bwino.

Dzulo kunabwera abambo awiri kunyumba, aulemu kwambiri, mpaka anavula nsapato pakhomo. Akuti mwa Mlonda mwapezeka chilengezo chabodza cha zotsatira, ndipo boma, poti limalemekeza mawu a anthu, likufuna kudziwa amene anakonza chiwembu chonamiza dziko. A Bwana Mkulu asamba m'manja, akuti sakudziwapo kanthu. Pa chojambulacho palibe siginecha ya munthu, pali mawu okha, ndipo mawuwo ndi anga. Amene angachitire umboni kuti ndinatumidwa ndi Mawaya yekha. Andiuza kuti ndikafike ku ofesi yawo mawa m'mawa kuti tikacheze pang'ono. Mmodzi anati nditengeko juzi, poti kumeneko kumazizira.

Ndipita, achimwene. Musandiuze zothawa, chifukwa ndikathawa ndiye kuti ndavomera, ndipo Mawaya atsala yekha ndi mlandu wa anthu awiri. Loya wa bungwe la atolankhani wati andiperekeza mpaka pamene angamulole kufika. Mwina ndi kucheza ndithu, ndipo Lamulungu ndidzakuimbirani tidzaseke kuti ndinawononga mapepala pachabe.

Pempho langa ndi ili. Ana agona kwa anamwino a nyumba yoyandikana nafe, ndipo ngati sindibwera mawa madzulo, iwo awakweza basi ya Loweruka yobwera kwanuko. Mukawachingamire nokha, musatume munthu. Wamkuluyo akakhala chete n'kumachapa mbale zoyera kale, dziwani kuti akuopa, musamukalipire, mungomupatsa ntchito ina pafupi ndi inu. Wamng'onoyo mankhwala ake a chifuwa ali m'thumba la kutsogolo kwa chikwama chobiriwira, ndipo amakana kumwa pokhapokha wina ayambe wanamizira kulawa. Malipoti awo a kusukulu ndaika pansi pa zovala, mwina angafunike.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudziwa kuti nyumba ndi yaing'ono ndipo sindidzaiwala. Moni kwa ana anu onse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muonetsetse kuti amwa mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi musanawauze kuti adzukulu akubwera, ndipo muwauze kuti abwera kutchuthi. Anawo ndawauza kuti ndikupita ku maphunziro a ntchito ndipo ndiwapeza konko. Akamafunsa kuti ndibwera liti, muziti posachedwa, ndipo muzinena nkhope ili yowala. Ndinakana kunamiza dziko lonse, achimwene, koma ana awiriwa ndi mayi mmodziyu ndikukupemphani mundinamizireko, mpaka nditabwera kudzawauza ndekha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira wa amayi