Zolumikiza Kapena Zomata

Asante Mampong,
9 Febuluwale 2024

Okondedwa achemwali Adwubi,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Hamburg sichinakumalizeni mawondo aja. Kuno tili bwino, kungoti fumbi la nyengo ino latiumitsa milomo. Mwana wanu Serwaa wayamba sukulu ya unamwino ku Kumasi, ndipo kayendedwe kake ndi ka dokotala kale.

Mwambo wa chaka wa malemu amuna anga a Ofosu uli pa 2 Malichi. Mukudziwa kuti tsiku lomwelo abale awo adzakhala pansi n'kunena za nyumba ino. Tinamanga awiri, inde, koma pamalo a mayi awo, ndipo kumtundu umenewo ine ndi ana anga sitiwerengedwako. Chaka chonsechi mtima wanga wakhala uli m'mwamba.

Sindinafune kuti alendo adzapeze simenti yong'aluka ija pabalaza, choncho ndinaitana Agya Nkansah, mmisiri woyala pansi. Anabwera ndi mitundu iwiri ya timatabwa ta pulasitiki tija tooneka ngati matabwa enieni. Tina timangolumikizana m'mphepete, n'kulira kuti khe, popanda guluu, ndipo ukafuna umamasula n'kumanga mtolo. Tina n'tomata. Ayambe wasalaza simenti, apake guluu, ndipo tikagwira tagwira, pochotsa mpaka fosholo. Iye anati tondiyenera ine n'tomata, chifukwa makina anga osokera ndi olemera, popalasa amagwedezeka, tsiku lina tolumikizato tidzayasama.

Ine ndinakakamira tolumikiza. Ndinamuuza kuti n'tofewa kumapazi, ndiponso fungo la guluu limandipweteketsa mutu. Linali bodza, achemwali. Mumtima ndinkati akadzandiuza kuti ndichoke, ndidzazule timatabwa tanga ndikayale m'chipinda cha malemu mayi ku Nsuta, ndisasiyire munthu thukuta langa. Zovala zina ndinali nditalongedza kale. Pafoni sindinakuuzeni, kuopa kuti mungasiye ntchito n'kukwera ndege.

Lachiwiri m'mawa, Agya Nkansah akuyeza chipinda, kunatulukira alamu anga Maame Dufie, mlongo wamkulu wa a Ofosu, amene akalankhula kumtundu kwawoko nkhani yatha. Mukuwadziwa. Ine ndi iwo sitimwerana madzi kuyambira chaka cha ukwati chomwe, pamene analengeza pagulu kuti fufu wanga, nsima yathu ya chinangwa ija, ndi wa mibulu. Analowa osaodira, naona timatabwato pansi, n'kufunsa mmisiri kusiyana kwake. Koma bambo ameneyu pakamwa pake sipatsekeka!

"Iti n'tokondedwa ndi anthu a lendi, Maame," anatero. "Tsiku losamuka amangozula n'kukweza pa galimoto. Mayiwa asankha timeneti."

Manyazi ake, ndinalakalaka nditalowa pansi. Maame Dufie anatola kathabwa kamodzi, kukatembenuza, kukagogoda ndi chala, kenako n'kukaponya pomwe anakatola. Anakhala pa mpando wa mlongo wawo, ine nditangoima ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Muno muli wa lendi ndani?" anafunsa.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa ku Nsuta, mlongo wanga anagona miyezi khumi ndi inayi. Ankamusambitsa ndinali ine? Ankamutembenuza ndinali ine? Nkansah, mata. Upake guluu wambiri, adzalephere kuzula ndi adzukulu omwe."

Ndinayesa kutchula za msonkhano wa pa 2 Malichi, koma anandidula, ati aone amene adzatsegule pakamwa iwo ali pomwepo. Kenako ananyoza maonekedwe a timatabwa timene ndinasankha, ati tikufanana ndi chitseko cha kuchipatala, n'kufunsa ngati m'nyumba muno mlendo sapatsidwa madzi. Ndinapita kukatunga. Kukhitchiniko ndinalira, achemwali, kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro, mpaka anakuwa kuti kodi madziwo ndakatunga ku mtsinje.

Tsono mukamabwera ku mwambowu mudzatenge mankhwala opaka mawondo aja, mabotolo awiri, chifukwa ndawaona Maame Dufie akutsimphina potsika masitepe. Musadzanene kuti ndapempha ndine. Mumuuzenso mlongo wathu Gyamfi kuti asavutike n'kukonza denga la ku Nsuta lija.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Serwaa akupereka moni. Maame Dufie nawonso akuti moni, inde iwowo, ndipo ali pano akusenda chinangwa chifukwa akuti ine ndimasenda mowononga. Pepani zolembazi zapotoka, ndikulembera pabondo, pakhonde, katundu yense ali panja. Guluu sanaume, ndipo Agya Nkansah wati tisapondemo mpaka mawa. Ndidikira bwinobwino, sindikupita kulikonse.

Ine mng'ono wanu,
Afrakoma