Amayi Ako Anabisa Chithokomiro

Limbuli, Lachitatu, 3 koloko masana

Mdzukulu wanga Esinati,

Uli bwanji ku Mzuzuko? Ine ndili bwino, kupatula mawondowa. Amayi ako ndiwo anatiopsa, koma atuluka m'chipatala dzulo.

Atayamba kutsokomola anasiya mapilitsi awo a chithokomiro, ati mankhwala awiri angamenyane m'mimba. Kuchipatala anawapeza ndi kolona, mtima ukugunda ngati chigayo. Adokotala kufunsa kuti, "Muli ndi matenda ena?" iwo ati, "Ayi," khosi atalikulunga mpango chifukwa cha manyazi. Ine ndinangoukoka mpangowo. "Nanga chotupachi ndi peyala?"

Adokotala anati chithokomiro chosamwera mankhwala chikakumana ndi kolona, mtima umavutika. Anawayambitsanso mapilitsi.

Tsono iwe wophunzira unamwino, undiuze: matenda a m'chifuwa amadziwana bwanji ndi chotupa cha pakhosi? Akanapitiriza mapilitsi, akanagonekedwa? Undiyankhe m'Chichewa, Chingerezi chako usungire odwala.

Mulungu akusunge. Ukawerenga, kalatayi ukawapatse amayi ako aang'ono komweko. Nawonso ali nacho chithokomiro, manyazi ndi omwewo, ndipo dzanja langa silingafike ku Mzuzu.

Ndine agogo ako