Khoma la Bambo Lili Kuseri kwa Chingwe

Lolemba, 3 Juni

Tafika m'tauni yakaleyi, msana uli gwa. Maso a bambo akutha, adokotala akuti chaka chamawa ndi mdima. Ndiye akufuna kukagwira khoma la linga limene anamanganso ali mnyamata. Achimwene atanganidwa, achemwali ali ndi ana. Woperekeza ndani? Ine, poti ndinasiyira yunivesite panjira ndipo nthawi yanga ilibe mwini.

Lachiwiri, 4 Juni

Kulinga. Wotionetsa malo ndi mkulu wa chipewa chachikulu, mawu ngati wailesi. Akuti, "Khoma ili latha zaka mazana atatu, silinagwepo." Bodza lamkunkhuniza! Linagwa ndi mvula, bambo ndi anzawo anayi analiimika ndi manja awo. Alendo ali kalikiliki kujambula, kukamwa yasa.

Khomalo alizunguliza ndi chingwe chofiira. Bambo atangotambasula dzanja, mlonda: "Madala, kumbuyo!"

Bambo anapepesa. Kupepesa! Mpaka kuvula chipewa.

Lachitatu, 5 Juni

Ndapita ku ofesi ndekha kukapempha chilolezo chogwira khomalo. Mayi wa pa desiki, osadzutsa ndi mutu womwe: "Ofufuza okha ndi amene amaloledwa. Muli ndi kalata ya kuyunivesite?" Zaka zitatu ndinaphunzira mbiri yakale, mayi iwe, ndikhoza kukuphunzitsa ndili m'tulo. Sindinanene. Ndinangomenyetsa chitseko.

Ndauza bambo kuti mawa ndiulula pamaso pa alendo onse kuti khomalo anamanga ndi iwo. Akana. "Asiye, mwanawe. Ngati akuliyesa lakale, ndiye kuti tinamanga bwino." Akuseka. Ine ndikutukusira, iwo akuseka.

Basi yathu ndi ya mawa masana.

Lachinayi, 6 Juni

Za bambo sindinaulule. Ndinangoimirira kutsogolo, Wachipewa atatchula chaka cha chipata, ndinati, "Mwalakwitsa ndi zaka makumi anayi, akulu." Anati ndine yani. Ndinamufunsa buku limene anawerenga. Ndinamukokera ku chipata, alendo pambuyo, ine kukuwa ngati wamisala, mlonda kuthamangira kudzandigwira pamkono.

Nditacheuka, bambo anali atadutsa chingwe. Manja onse awiri pakhoma, tsaya pamwala, zala zikuyenda m'mizere pang'onopang'ono.

Anatitulutsa tonse awiri. Pa chipata bambo akupukuta fumbi pa malaya, ndinafunsa, "Ndiye mwalipeza?"

"Mzere wachitatu wapendekeka," anatero. "Tsiku limenelo ndinkaganiza za amayi ako."