Akuti moni wanga ndi wautali

Aphungu,

Anayamba kundiuza ndi mlamu wanga, amene amakhoma milongoti ya kanema pamadenga. Anati, "Alamu, mwezi uno sindinakwere denga n'limodzi lomwe. Anthu akuonera pafoni. Ine ndatsika, inu muli m'njira." Ndinati ndi nsanje chabe.

Ine kusukulu sindinapiteko (akulembawa ndi mpongozi wanga, akuti ndifulumire), koma pakamwa ndinadalitsika. Zaka khumi ndi zinayi ndatsatsa mankhwala opaka a nyamakazi pakanema, nkhani zisanayambe. Ndimalonjera, kufunsa za kunyumba, kusimba za bondo langa, botolo n'kubwera pomaliza. Mphindi ziwiri zathunthu, popanda wodzuka pampando! M'basi ankati, "Khalani apa, a Bondo."

Lolemba abwana a kampani anandiitana. Akuti malonda angawo anawaika pa intaneti, koma kumeneko munthu amapirira masekondi asanu, kenako amadina kabatani n'kukudumpha ngati chithaphwi. Anandiyesa ndi wotchi. Nthawi inatha ndili pa "Muli bwanji nonse kumeneko". Anati, "Madala, chotsani moni. Mukakanika pofika Lachisanu, tiika mtsikana wovina." Nyamakazi yake iti?

Kodi ndiziyamba kulankhula osalonjera, ngati wapolisi?

Mayi a kunyumba anandilimbitsa mtima: "Asiyeni, anthu amakukondani." M'mawa mwake ndinawapeza kukhitchini, foni atayitsamiritsa pa ketulo, akudikira sewero lawo. Nkhope yanga inatulukira. Chala chawo chinali chitafika kale pakona, chikudikira. Anandidumpha, Aphungu, mwini wake ndili chiimire pakhomo.

W.G., kuseri kwa depoti


A W.G.,

Kalata yanu inali masamba asanu ndi limodzi. Anayi ndawadumpha, mundikhululukire.

Ndikuuzeni mosapsatira. Kale anthu sankadzuka chifukwa ankadikira nkhani. Munali ngati mlaliki wa m'basi yothamanga, omvera analibe potsikira. Tsopano basi yaima.

Moni musamutaye, ingomusunthani. Yambani ndi kudzuka pampando, dzanja pabondo, n'kubuula monga mumabuulira m'mawa kukazizira. Aliyense wa nyamakazi akamva, chala chidzauma. Mtsikana wovina kubuula kumeneko sangakuthe. Botolo liwoneke pompo. Otsalawo ndiwo alendo anu enieni, alonjereni mpaka mukhute.

Yesererani pa mayi tsiku lililonse mpaka Lachisanu. Akatula ketulo n'kucheuka, mwakhoza. Za kabatani kaja musawazenge mlandu, nkhani ya bondo amaimva kwaulere chikwatirane.

Nkhani zanu zazitali, mpongozi azikujambulani pafoni n'kuziika patsamba lanulanu. Kumeneko kulibe abwana a wotchi.

Koma chenjerani. Kanema anali waulemu, sankakuuzani angati akugona. Foni imawerenga, ndipo ilibe manyazi. Ikadzati amene wamvera mpaka kumapeto ndi munthu mmodzi, thokozani, musafufuze kuti ndani. Mwina ndi inuyo.

Aphungu